Mfungulo wa Che Bwanali

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ubwana wa mwana wa ku Ngauma ndi umodzi basi: chimanga, fodya ndi kuthamangitsa mbuzi za eni. Mukazifuna nkhani zimenezo kafunseni azakhali anu, amadziwa kuzithira mchere kuposa ine. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinayamba kudya thukuta langa, chifukwa pali munthu mmodzi amene ndikufuna mumudziwe dzina lake lisanandithawe.

1951, Mandimba

Ndinafika ku Mandimba nthawi yokolola, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, kalata ya a padiri ili m'thumba la malaya. Ntchito imene ndinapatsidwa inali ya userevente pa posto ya zaumoyo, kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khonde lalitali pamene odwala ankakhala podikira. Serevente ndiye wosesa, wotunga madzi, wowiritsa singano za jakisoni, ndiponso wogwira miyendo ya ana pamene akubayidwa. Mateche amene ndinalandira chaka chimenecho akanakhala chimanga ndikanadzaza nkhokwe.

Bwana wanga anali enfermero, kapena kuti namwino wamkulu wa pamalopo, Che Bwanali, Myao wa komweko, Msilamu, wamtali ndi wowonda, wosakonda kuseka pa ntchito. Imvi zinali zitayamba kale. Pakhosi pawo panali chingwe chachikopa, ndipo pachingwepo pankalendewera mfungulo wa kabati ya mankhwala. Mfungulo umenewo sunkachoka pakhosi ngakhale posamba. Akazi awo, mayi Abiti Saidi, ankaseka n'kumati iwo ndi mkazi wamng'ono chabe, wamkulu ndi mfungulowo.

Tsiku loyamba sanandifunse za kwathu kapena za ulendo. Anatsegula kabati, n'kutulutsa botolo limodzi, n'kundiikira pamphuno.

"Umadziwa kuwerenga?"

"Ndinamaliza kalasi yachitatu kumishoni, bambo," ndinayankha nditatukumula chifuwa.

"Sindinafunse kumene unamaliza. Werenga apa."

Ndinayang'ana kapepala komatidwa pabotolopo, n'kugwedeza mutu kusonyeza kuti ndawerenga.

"Ine ndamva chiyani?" anatero. "Wawerengera mimba yako? Mokweza!"

"Sharope wa chifuwa!" ndinakuwa, mpaka amayi a pakhonde anafa nacho chikhakhali.

Limenelo ndilo linali lamulo la Che Bwanali, ndipo linali limodzi lokha: botolo liwerengedwe katatu, mokweza mawu. Potenga m'kabati, pothira m'supuni, ndi pobwezera. Chifukwa chake chinalipo. Mankhwala ankabwera kuchokera ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankakutcha Nova Freixo, ali m'zigubu zikuluzikulu, ndipo ife tinkawagawira m'mabotolo a vinyo amene tinkapempha kwa eni masitolo. Mabotolo onse anali ofanana. Mapepala a mayina ankalemba Che Bwanali ndi dzanja lawo, ine n'kumata ndi phala la chinangwa. Tsono sharope, mankhwala akumwa a chifuwa, ndi kreolina, mankhwala otsukira pansi amene munthu atamwa matumbo amapsa, mtundu wake m'botolo unali umodzi.

"Maso amanama," ankatero Che Bwanali. "Mphuno nayo imanama ukagwidwa chimfine. Koma pakamwa pakanena, khutu limamva. Ndipo khutu lako likagona, la mnzako lili maso."

Ine ndi mtima wanga wapachala, lamuloli linkandinyansa. Munthu wamkulu kumakuwa ngati mwana wa sukulu pamaso pa atsikana! Tsiku lina ndinathira kwinini mwakachetechete dala, kuti ndione. Sananditukwane. Anangolanda supuni, n'kunditumiza kukasesa bwalo limene ndinali nditasesa kale. Ndinasesa fumbi lopanda kanthu mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo sindinayesenso.

1953, Ngauma

Patapita zaka ziwiri, a dotolo a ku Cuamba, amene ankayang'anira maposto onse a dera lathu, anandituma kwathu ku Ngauma kukayang'anira kaposto katsopano. Dzina lokha ndilo linali posto. Inali nyumba yaudzu, tebulo limodzi, mphika wowiritsira singano ndi njinga yopanda mabuleki. Enfermero kunalibe. Ndinali ndekha, serevente wodzilamula yekha ndi kudzimvera yekha, ndipo zimene ndinkaloledwa kuchita zinali kutsuka zilonda, kupereka kwinini ndi sharope, ndi kutumiza ku Mandimba amene andikanika.

Kusowa kwa zinthu ndinakudziwira kumeneko. Mvula ikagwa, kamiyao, lole yobweretsa mankhwala, inkatitimira m'njira, ndipo tinkatha dzinja lonse tikuyang'ana kumsewu. Bandeji inkagwira ntchito mpaka kuoneka ngati ukonde. Ukamasula pachilonda, uchape, uwiritse, uyanike, upinde, mawa umangire wina. Kupindako ndinaphunziranso kwa Che Bwanali: pabondo, ndi chikhatho, molimba ndi mowongoka kuti pomanga isakhote. Iwo ankapinda akuyang'ana kwina, koma bandeji yawo inkatuluka yosalala ngati yochokera kusitolo.

Ngakhale ndinali ndekha, pakamwa panali patazolowera. Ndinkawerenga mabotolo mokweza, omvera ake nkhuku. Tsiku lina kunabwera mtsikana ndi amayi ake odwala chifuwa. Anandimva ndikulengeza sharope katatu, n'kukauza anzake kuchitsime kuti serevente wa pa posto mutu wake suli bwino, amacheza ndi mabotolo. Nkhaniyo itandipeza ndinapsa mtima, ndinakwera njinga yopanda mabuleki ija kukamufunsa chimene ankatanthauza. Ndinafunsa kamodzi, ndinakafunsanso kawiri, kachitatu ndinatuma amalume. Mtsikanayo ndi mayi anu, Rozalina. Mpaka tsiku lawo lomaliza sanabweze mawu aja.

1955, Mandimba

Mwana wathu Maria ali wakhanda, kunabwera kalata yoti ndibwerere ku Mandimba. Che Bwanali ndiwo anapempha, akuti serevente amene analowa m'malo mwanga anali wakuba. Ndinakondwera, chifukwa ndinali nditawasowa, ngakhale sindikanawauza zimenezo pamaso.

Sindinachedwe kuona kuti mnyamata anachotsedwayo anamunamizira. Zinthu zimene ankati waba ndinkazipeza ndekha: lumo m'mphika wa singano, cholembera m'chitini cha shuga, buku la odwala pansi pa mphasa yopempherera. Wobisa anali Che Bwanali eni ake. Kenaka ndinayamba kuona zina. Ankafunsa wodwala dzina, n'kulemba, n'kumufunsanso. Ankandiuza nkhani ya mmene anaphunzirira ntchito ku Nampula, nkhani yabwino ndithu, koma tsiku limodzi inkabwera katatu, ndipo ulendo uliwonse ankaiyamba ngati yatsopano. Za kale ankazikumbuka mpaka mtundu wa malaya a mphunzitsi wawo. Za m'mawa womwewo zinkadutsa ngati madzi m'lichero.

Ine ndinkati n'kutopa. Anthu ankanena zawo. Ena ankati walodzedwa ndi wina wosirira ntchito, ndipo posirira ntchito maso ankaloza ine. Ena ankati mizimu ya odwala amene anafera m'manja mwawo yawabwerera. Munthu wina wogulitsa nsomba zouma ananena zimenezi pakhonde la posto penipeni, ndipo ndinamutulutsa ndi tsache, chilonda chake chisanamangidwe. Ndinalakwa, ndikuvomera. Ndinamutsatira kumsika masana n'kukamumangira komweko, koma kupepesa sindinapepese.

Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti pa kabati mawu awo anali omwe aja. Loko akalira, ndinkamva, "Kwinini!" Kenaka, "Kwinini!" Kenakanso, "Kwinini!" Ndinkadziuza kuti malinga ngati pakamwa pakuwerenga, odwala athu ali bwino.

1956, Mandimba

Linali Lachiwiri m'mawa, nyengo yozizira, khonde litadzaza ndi ana a chifuwa. Ine ndinali nditagwada, msana ndalozetsa kukabati, ndikutsuka chilonda cha pamwendo wa mkulu wina. Ndinamva loko akutseguka. Ndinamva chitseko cha kabati chikulira. Ndinamva supuni ikugunda kukamwa kwa botolo. Mawu sindinawamve.

Thupi langa linadziwa mutu usanadziwe. Ndinatembenuka, n'kuona supuni yodzaza ikulunjika pakamwa pa kamtsikana ka zaka zinayi, amayi ake atakagwira chibwano. Fungo la kreolina linandipeza ndili m'malere. Ndinamenya supuniyo, inakagwera kukhoma.

"Iwe Fabiyao, wapenga?" anakalipa Che Bwanali.

Khonde lonse linali litasuzumira pakhomo. Sindidziwa kumene bodzalo linachokera.

"Munagwera ntchentche m'supunimo, bambo. Pepani. Khalani pansi, ndithira ine."

Ndinabweza botolo, n'kutenga loyenera, n'kuliwerenga katatu. Mwanayo anamwa sharope wake, n'kupita. Lero mwina ndi gogo kwinakwake, sadziwa kuti anatsala pang'ono. Odwala atatha ndinatseka chitseko, n'kutenga botolo la kreolina lija.

"Bambo, tawerengani apa."

Analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Analitembenuza, analipititsa kutali, analibweretsa pafupi.

"Analemba ndani zimenezi? Dzanja loipa chonchi?"

Linali dzanja lawo lomwe. Ndinatuluka, n'kukaima kuseri kwa posto, ndipo ndinalira ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Masana ndinapita kwa mayi Abiti Saidi. Nyumba yawo inali kuseri kwa posto, nyumba ya boma yokhalamo enfermero. Nditawafotokozera sanadabwe. Anati kunyumba zinayamba kale: mchere m'tiyi, kuwaitana dzina la mlongo wawo, kufunsa chakudya mbale zili chitsukidwire. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita kumigodi ku Joni ndipo makalata analeka.

"Mwanangu, usawauze a dotolo," anandigwira dzanja. "Adzawakweza kamiyao kupita kuchipatala cha amisala. Amene amapita kumeneko sabwerera. Ndipo nyumba ino adzatilanda. Zaka makumi atatu akutsuka mafinya a anthu, akafere kwa alendo atamangidwa?"

"Nanga mwana wa eni akafa, mayi?"

Anandisiya dzanja. Ndinabwerera ku posto ndikuganiza za mfungulo uja.

Kulanda mfungulo kunali kosatheka, kukanakhala ngati kuwavula pamsika. Tsono ndinachita izi. Ndinagula loko watsopano kusitolo ya Mmwenye. M'mawa mwake, iwo atatsegula kabati n'kusiya loko wakale akulendewera, ndinamuchotsa n'kukamukoleka pa bokosi lamatabwa losungiramo mabandeji. Pakabati ndinaika watsopano, mfungulo wake m'thumba langa.

"Bambo," ndinatero, "mabandeji akutha mosadziwika bwino. Akufunika munthu wamkulu woti aziwasunga. Ine anthu sandiopa."

"Ndinanena ine kuti pano pali akuba," anatero mokhutira.

Masabata oyamba anali ovuta. Ankapita kukabati, mfungulo n'kukana, iwo n'kuyamba kugwedeza chitseko ndi ukali. Ndinkati, "Bokosi lanu lili kuno, bambo, odwala akudikira mabandeji." Loko wa pabokosi akangoti kwetche, nkhope inkamasuka. Ankakhala pampando pakhonde, bokosi pambali, n'kuyamba kupinda. Mutu unkataya zinthu, koma manja sanataye kanthu.

Mwezi wotsatira a dotolo anabwera ndi jipi yawo. Anali Mpwitikizi wamfupi, wothamanga nthawi zonse ngati wasiya mkaka pamoto, koma mtima wake sunali woipa. Asanakhale n'komwe anandiuza nkhani yabwino. Kuchipatala cha ku Cuamba kunali malo amodzi a serevente woti aphunzitsidwe uenfermero, ndipo iwo anapereka dzina langa. Ndinali ndisanathokoze pamene maso awo anagwera pa kabati.

"Loko uyu ndi wachilendo. Ndipo n'chifukwa chiyani mfungulo uli ndi iwe?"

Mawu a mayi Abiti Saidi anali m'khutu limodzi, kamtsikana kaja m'khutu lina. Ndinanena zoona, zonse, ndi za supuni zomwe. A dotolo anatuluka, n'kukakhala pafupi ndi Che Bwanali. Anawafunsa tsiku, chaka, ndi chimene anadya m'mawa. Che Bwanali anayankha mwaulemu ndi nkhani ya ku Nampula. Atabwerera m'kati, a dotolo anati:

"Si misala iyi, ndipo si ufiti monga anenera anthu ako. Ndi nthenda ya ubongo imene imagwira okalamba ena, osati onse. Ubongo umatha pang'onopang'ono ngati nsalu yakale. Jakisoni wake ndilibe, ndipo sadzachira."

Anati ntchito ayenera kuwapumitsa tsiku lomwelo. Ine ndikapita ku Cuamba, adzatumiza enfermero wina ndi banja lake, amene adzafuna nyumba, ndipo mkulu wosokera wopanda womuyang'anira adzayenera kupita kuchipatala chakutali chija. Kenaka anandiyang'ana m'maso.

"Koma kuno kumalire palibe amene amakufuna. Ukatsala iwe, posto ndiisiya m'manja mwako monga ku Ngauma, ndipo za amene akugona m'nyumba ija sindidzafunsa. Malo a ku Cuamba ndipatsa wina, ndipo sadzabweranso. Ndinyamuka ndikatha kudya."

Ndinathamangira kwa mayi anu. Ndinawapeza akusoka diresi, ndipo nditatchula Cuamba anaimirira n'kuvina ndi Maria kumsana. Nditatchula zinazo kuvina kunatha.

"Bambo a Maria, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwayi ngati uwu mudzauonanso kuti? Munthuyo si bambo anu, si wa mpingo wathu, si wa mtundu wathu. Ana anu adzadya mabandeji?"

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo ine Cuamba ndinkamufuna kuposa iwo. Ndinkafuna yunifomu yoyera, ndinkafuna kuti ku Ngauma azinena kuti mwana wa uje ndi enfermero. Ndinabwerera ku posto ndisanadziwe chimene ndikanene. Pakhonde ndinapeza Che Bwanali akupinda bandeji pabondo. Anakweza mutu.

"Wachedwa, Fabiyao. Singano wawiritsa?"

Ndinaganiza za tsiku limene adzakweze mutu chomwecho kumalo achilendo, osapeza nkhope ndi imodzi yomwe yoidziwa. Ndinalowa, n'kuuza a dotolo kuti nditsala. Anapukusa mutu, anati ndine chitsiru, koma anandigwira chanza, chinthu chimene anali asanachitepo. Mayi anu anandiphikira ndiwo zopanda mchere sabata yathunthu.

1957, Mandimba

Kusamala munthu wotere palibe amene anandiphunzitsa. Ndinaphunzira polakwitsa. Tsiku lina masana ndinawapeza pa msewu wopita kumalire, nsapato ili phazi limodzi. Anati akupita kwa amayi awo, akuwadikira ndi chakudya. Ndinali nditatopa, odwala ndawasiya pakhonde, ndipo mtima wanga wapachala uja unadzuka.

"Amayi anu anamwalira kalekale, bambo! Tiyeni kunyumba!"

Anakhala pansi pamsewu pomwepo, n'kulira maliro atsopano. "Bwanji simunandiuze? Aikidwa liti?" Ndinawaphera amayi awo kachiwiri ndi pakamwa panga, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanandichoke. Kuyambira pamenepo sindinakanganenso nawo. Akati akupita kwa amayi, ndinkati, "Tiyeni ndikuperekezeni. Kodi amayi anu amaphika chiyani?" Tinkayenda akufotokoza za mpunga ndi nandolo, tinkazungulira mtengo wa mango, n'kutulukiranso pa posto ali okondwa.

Ndinaona kuti chimene chimawasunga ndi tsiku lofanana ndi dzulo. M'mawa mayi Abiti Saidi ankawaveka malaya oyera a ntchito, ngakhale ntchito inali itatha. Ankafika pa posto, kutsegula bokosi, kupinda mabandeji. Mabandeji akatha ndinkalowa m'kati, kumasula amene apinda kale, n'kuwabweretsanso ngati ochapa kumene. Ndinapempha odwala kuti aziwapatsa moni monga kale, ndipo ndinauza a m'misika ndi a m'misewu kuti akawaona okha asawafunse mafunso, angoti, "Che Bwanali, ku posto akukufunani." Wogulitsa nsomba uja, amene ndinamutulutsa ndi tsache, anawabweza kawiri atawagwira dzanja. Lachisanu amuna a kumzikiti ankadzawatenga, ndipo ankabwera akudabwa kuti munthu wosadziwa dzina la mkazi wake sakuphonya liwu m'mapemphero.

Chipwitikizi ndicho chinayamba kuthawa. Kenaka Chinyanja chinayamba kuchepa, kunatsala Chiyao cha ubwana wawo. Chakudya anayamba kuchikana, ngakhale m'manja mwa akazi awo. Amene anapeza njira ndi mayi anu, omwe aja a ndiwo zopanda mchere. Ankakhala pansi pafupi nawo ndi mbale imodzi, n'kumadya okha osanena kanthu. Posakhalitsa dzanja la Che Bwanali linkalowa m'mbalemo. "Munthu sakakamizidwa kudya ngati mbuzi yodwala," ankandiuza monyada. "Amafuna mnzake."

Musaganize kuti zinali zosalala. Panali masiku otukwanidwa, masiku ochapa zofunda, masiku amene ndinkamva kulira kwa kamiyao ya ku Cuamba n'kumadzifunsa ngati a dotolo sananene zoona za uchitsiru wanga. Koma panalinso kuseka kwambiri pakhonde lija, ndipo Maria anaphunzira kuyenda atagwira bondo la Che Bwanali.

1958, Mandimba

Pofika chaka chimenechi sankandidziwanso. Ankanditcha "achimwene," nthawi zina "bwana." Zinkandiwawa, koma ndinazolowera.

Tsiku lina kunali odwala ambiri moti dzuwa linapendeka ndisanalawe kanthu. Che Bwanali anali atakhala pafupi ndi khomo, bandeji pabondo, ndipo panali patatha masiku osatulutsa mawu omveka. Ndinatsegula kabati, ndinatenga botolo, ndinayamba kuthira. Chifukwa cha kutopa, pakamwa panali tseke.

"Mokweza!"

Ndinadzidzimuka mpaka sharope anatayikira pansi. Anali atandiyang'anitsitsa, maso ali akuthwa ngati a tsiku loyamba lija. Ndinayang'ana botolo. Linali loyenera ndithu. Komabe ndinaimirira mowongoka ngati mwana wa sukulu.

"Sharope wa chifuwa!" Ndinathira. "Sharope wa chifuwa!" Ndinabweza. "Sharope wa chifuwa!"

Anagwedeza mutu, n'kundikodola. Ndinagwada pafupi nawo. Anandifunsa m'Chiyao, motsitsa mawu:

"Anakuphunzitsa ndani, achimwene?"

"Inuyo, bambo."

"Ine?" Anaseka pang'ono. "Ine sindikudziwa iwe. Koma amene anakuphunzitsayo ankaidziwa ntchito. Ukamuona umuthokoze."

"Ndimuthokoza, bambo. Zikomo kwambiri."

"Eya," anatero, n'kubwerera ku bandeji yawo.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho, m'nyumba mwawo, pamphasa yawo, akazi awo ali pambali. Amuna a kumzikiti powasambitsa anavula chingwe chachikopa chija. Maliro atatha, mayi Abiti Saidi anandiitana n'kundiika mfungulo m'manja.

"Mkazi wamkulu uyu," anatero akumwetulira misozi ili m'maso. "Chokolo chako."

Cuamba, pa ukalamba wanga

Ku Cuamba tinabwera chaka chotsatira, koma monga a dotolo ananenera, malo aja sanabwerenso. Ndinagwira userevente mpaka kupuma. Anyamata amene ndinawaonetsa kagwiridwe ka singano anakhala mabwana anga, ndipo onse ndinawakuwitsa mabotolo katatu, ofuna ndi osafuna. Yunifomu ya enfermero sindinaivale, ndipo sindinganame kuti sindinaisirire. Koma mukandifunsa ngati ndikanasankha mwina, yankho ndi iyayi. Mabandeji simunadye, nonse munakula ndi kuphunzira. Mayi anu atafika kuno anaona sitima ya pamtunda imene ankailakalaka kuyambira kale, n'kunena kuti ndi chiphokoso chabe.

Masiku ano anamwino achinyamata nthendayi amaitcha demensiya. Amati mankhwala ochiza kulibebe, koma munthu angaichedwetse kapena kuizemba: aziyenda, asiye fodya ndi kachasu, aziyezetsa kuthamanga kwa magazi, asamakhale yekha. N'chifukwa chake mumandiona m'mawa uliwonse ndikupita kumsika wapansi kukakangana ndi anzanga pa bawo. Si ulova, ndi mankhwala.

Komabe chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mwezi watha magalasi anga ndinawapeza m'chitini cha mpunga, ndipo Lamulungu lapitali ndinaitana mdzukulu wanga dzina la mng'ono wanga amene anatisiya kale. Munaseka, nanenso ndinaseka. Mwina ndi ukalamba wamba. Mwina si ukalamba wamba. Sindikuopa, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti munthu angathe kuiwala zonse n'kukhalabe mwamtendere pakati pa anthu ake.

Tsono mverani, ndikulemba mutu ukadali wanga. Tsiku limenelo likadzafika, mundiperekeze kwa dotolo, osati kwa sing'anga, ndipo musaloze chala munthu aliyense. Ndikadzati ndikupita kwa mayi anu Rozalina, musandiuze kuti anamwalira. Mundifunse za njinga yopanda mabuleki, tizungulire mtengo, tibwerere. Mankhwala anga a magazi muwatsekere kumene dzanja langa silifika, ngakhale nditukwane chotani.

Pansi pa bedi langa pali bokosi lamatabwa lokhala ndi loko wakale. Mfungulo wake uli pa chingwe chachikopa, pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinauthira mafuta sabata yatha, ukutsegula bwinobwino. Mabandeji ndaikamo kale. Inu mudzangondikoleka chingwecho pakhosi, n'kundiuza kuti odwala akudikira.